Kuchoka ku Nyumba za Mufilimu Kukamanga Mizinda: Mbiri ya William Pereira

Mu 1923, mkulu wina wopanga mafilimu ku America, Cecil B. DeMille, anamangitsa mzinda wa Farao pa milu ya mchenga ya ku Guadalupe, m'mphepete mwa nyanja ku California. Panali chipata chachitali, ziboliboli za mafumu a ku Iguputo ndi mizere ya zifanizo za mikango ya mitu ya anthu. Zonsezo zinali za matabwa ndi pulasitala, zomangidwira filimu imodzi yokha, The Ten Commandments. Kujambula kutatha, mzindawo unagwetsedwa n'kusiyidwa kuti mchenga uukwirire. Anthu anadzaupezanso mu 1983, ndipo mpaka mu 2017 akatswiri ofukula zakale anali akutulutsabe zidutswa zake.

Umu ndi mmene ntchito yokonza malo ojambulirapo filimu ilili. Mufilimu iliyonse pamakhala munthu amene amagamula kuti khomo likhale pati, kuwala kulowere zenera liti, khoma lipakidwe penti yanji, mpando ukhale watsopano kapena wothyoka mwendo. Nyumba imene iye amamanga imakhala ya makoma atatu, chifukwa pamalo pa khoma lachinayi pamaima kamera. Denga nthawi zambiri kulibe, poti pamwamba pamapachikidwa magetsi. Za mvula, chiswe ndi chimbudzi sizimukhudza. Bwana wake ndi diso la woonera, basi.

Katswiri wolemba mapulani a nyumba zenizeni ali ndi mabwana ambiri: nthaka, mphepo, thumba la mwini nyumba, malamulo a khonsolo, ndi anthu amene adzakhalemo iye atafa kale. Ndi ochepa amene anagwira ntchito ziwirizi n'kutchuka nazo zonse. Mmodzi mwa iwo ndi William Leonard Pereira, amene analandira mphoto ya Oscar pa filimu ya DeMille yemweyo, kenako n'kukalemba mapulani a bwalo la ndege, mayunivesite ndi mzinda wathunthu.

Mnyamata wa ku Chicago

Pereira anabadwa pa 25 Epulo 1909 mumzinda wa Chicago, m'banja limene makolo ake akale anachokera ku Portugal. Anaphunzira zolemba mapulani a nyumba pa University of Illinois, ndipo anatuluka sukulu pa nthawi yoipa kwambiri. Chuma cha America chinali chitagwa mu 1929, makampani omanga akutseka, amisiri akuyendayenda m'misewu opanda ganyu. Iye anapeza malo ku kampani ya Holabird & Root, ndipo anathandiza nawo kukonza pulani ya chionetsero chachikulu cha mayiko chimene chinachitika ku Chicago mu 1933. Nyumba za chionetsero zimamangidwa kuti zidabwitse anthu kwa miyezi yochepa kenako zigwetsedwe. Choncho sukulu yake yoyamba ya ntchito inali kale pafupi ndi ya mafilimu.

Ngakhale pa umphawi umenewo, anthu sanasiye kuonera kanema. Tikiti inali yotchipa, ndipo maola awiri mumdima ankaiwalitsa munthu ngongole zake. Pereira anayamba kulemba mapulani a nyumba zoonetseramo mafilimu, makamaka za kampani ya Balaban & Katz. Yotchuka mwa nyumba zake za nthawi imeneyo ndi Esquire Theater, imene anakonza limodzi ndi mkulu wake, Hal Pereira, ndipo inatsegulidwa mu 1938. Panthawiyo chizolowezi chinali chokongoletsa nyumba za kanema mpaka kupitirira muyeso, zina mofanizira akachisi a ku China, zina nyumba za mafumu a ku Ulaya. Esquire inali ya makoma osalala ndi mizere yosavuta. Chaka chotsatira anamaliza, pamodzi ndi William Ganster, chipatala cha odwala chifuwa chachikulu ku Waukegan, cha mawindo akuluakulu olowetsa dzuwa ndi mpweya.

Mmodzi mwa eni a Balaban & Katz, Barney Balaban, anakhala mkulu wa kampani ya mafilimu ya Paramount mu 1936. Sipanapite nthawi yaitali, Pereira anasamukira ku Los Angeles, ndipo Hal naye anamutsatira.

Zaka za ku Hollywood

America italowa mu Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse kumapeto kwa 1941, zitsulo, matabwa ndi misomali zinayamba kupita ku nkhondo. Kumanga nyumba za anthu wamba kunachepa kwambiri. Ngakhale makampani a mafilimu anaikiridwa malire: boma linalamula kuti zipangizo zatsopano zomangira malo ojambulirapo zisapose madola 5,000 pa filimu imodzi. Amisiri a m'masitudiyo anaphunzira kuwongola misomali yakale, kutembenuza khoma lomwelo kuti likhale chipinda china, ndiponso kubisa ndi mdima kapena utsi zimene analibe ndalama zomangira.

M'zaka zimenezi ndi mmene Pereira anagwira ntchito ya mafilimu. Mu Reap the Wild Wind ya 1942, filimu ya DeMille momwe munali John Wayne, Ray Milland ndi Paulette Goddard, muli malo amene anthu awiri amamira kukafufuza chombo chomira n'kulimbana ndi chilombo cha m'nyanja cha miyendo yambiri. Chilombocho chinali cha mphira, ndipo nyanjayo inali thanki yaikulu ya madzi. Oonera anachita mantha enieni. Pereira analandira Oscar ya luso la zozizwitsa za mufilimu limodzi ndi Farciot Edouart, Gordon Jennings ndi Louis Mesenkop.

Mu 1943 Pereira ndiye anakonza maonekedwe a Jane Eyre, momwe munali Orson Welles ndi Joan Fontaine. Nkhaniyo imachitikira m'madambo ozizira a kumpoto kwa England, koma madambowo, chifunga chake ndi chinyumba cha mwala chochititsa nthumanzi, zinapangidwa mu situdiyo ku California. Mu 1944 anakonza Since You Went Away ya David O. Selznick, nkhani ya mayi ndi ana ake awiri aakazi amene bambo awo apita ku nkhondo. Mbali yaikulu ya filimuyi imachitikira m'nyumba ya banjalo, ndipo inali ntchito ya Pereira kuti mpando wopanda munthu ndi masitepe opanda phokoso ziuze woonera kuti pakhomopo pasowa wina. Pambuyo pake anakhala mkulu woyendetsa ntchito yonse ya mafilimu awiri a kampani ya RKO, Johnny Angel ya 1945 ndi From This Day Forward ya 1946. Pa nthawi yomweyi sanataye pensulo ya mapulani: Motion Picture Country House ku Woodland Hills, malo osungirako anthu okalamba amene anagwirapo ntchito ya mafilimu, ndi ntchito yake ya mu 1942.

Nkhondo itatha, abale awiriwa anapatukana njira. Hal anatsala ku Paramount ndipo mu 1950 anakhala mkulu wa okonza malo ojambulirapo onse a kampaniyo. Bwalo lozunguliridwa ndi nyumba zosanjikiza limene limaoneka mu Rear Window ya Alfred Hitchcock linamangidwa m'kati mwa situdiyo moyang'aniridwa ndi iye, ndipo analandira Oscar yake pa The Rose Tattoo ya 1955. William anabwerera ku simenti ndi chitsulo. Mu 1949 anayamba kuphunzitsa pa University of Southern California, kumene mmodzi mwa ophunzira ake anali Frank Gehry, amene anadzatchuka pa dziko lonse.

Mnzake wa ku sopo

Dzina la Lever Brothers si lachilendo kwa Mmalawi amene anasambirapo Lifebuoy kapena kuchapira Sunlight. Mkulu wa nthambi ya kampaniyi ku America m'zaka zotsatira nkhondo anali Charles Luckman, amene anaphunzira limodzi ndi Pereira ku Illinois, koma atasowa ntchito ya mapulani anapita kukatsatsa malonda mpaka kukwera pampando waukulu. Mu 1950 Luckman anachoka ku Lever n'kugwirizana ndi mnzake wakale uja. Wina ankadziwa kulankhula ndi anthu a ndalama, wina ankadziwa kuonetsa chithunzi chimene munthu sangachiiwale. Kampani ya Pereira & Luckman inakula mofulumira mpaka kukhala imodzi mwa zazikulu m'dzikomo.

Ntchito yawo yoyamba yaikulu inali CBS Television City, yotsegulidwa mu 1952, yomangidwira mwapadera mapologalamu a wailesi yakanema pamene lusolo linali likadali lakhanda. Apa nzeru za mu situdiyo zinagwira ntchito yeniyeni. Pereira ankadziwa mmene makoma a mufilimu amayendera kuchoka kwa akalipentala, kupita kwa openta, kukafika pojambulira. Anasiya makonde aakulu odutsamo katundu, ndipo makoma ena anawapanga osunthika kuti nyumbayo izikula ndi ntchito.

Nkhani ya Disneyland imaonetsa mmene ntchito ziwirizi zinkakokerana pa nthawiyo. Walt Disney anayamba wafunsa Pereira ndi Luckman kuti amulembere pulani ya malo ake osangalalirako, koma sanakhutire nayo. Anatenga okonza malo ojambulirapo a ku 20th Century Fox, monga Richard Irvine, Marvin Davis ndi Bill Martin, ndipo iwo ndiwo anakonza malowo, amene anatsegulidwa mu Julayi 1955. Anagwiritsa ntchito chinyengo cha mufilimu: nsanjika zapamwamba za nyumba za mu msewu waukulu ndi zazifupi kuposa yapansi, kuti diso liziona ngati nyumbazo n'zazitali. Pereira ndi Luckman anangopatsidwa hotela yoyandikana nayo.

Mgwirizano wa awiriwa unatha mu 1958, aliyense n'kutsegula kampani yakeyake. Koma ntchito imene anayamba limodzi pa bwalo la ndege la Los Angeles inapitirira, mothandizana ndi Welton Becket ndi Paul R. Williams, katswiri wotchuka wachikuda. Pakati pa bwalolo mu 1961 panaima Theme Building, malo odyera ozungulira olenjekeka pansi pa mauta awiri oyera opingasana. Ndege siikwererapo, katundu sadutsapo. Ntchito yake yaikulu inali kuuza mlendo kuti wafika mumzinda wa m'tsogolo.

Mzinda pa msipu wa ng'ombe

Kumwera kwa Los Angeles kunali famu ya banja la Irvine, ya maekala pafupifupi 93,000, ya msipu wa ng'ombe, minda ya nyemba ndi malalanje. University of California inkafuna malo a nthambi yatsopano, ndipo Pereira ndiye analoza famuyi. Mu 1960 eni ake anapereka maekala 1,000 pa mtengo wa dola imodzi, podziwa kuti yunivesite ikabwera, malo ozungulira adzakwera mtengo. Pereira anapatsidwa ntchito yolemba pulani ya sukuluyo ndi ya mzinda woizungulira.

Pakati pa yunivesite sipanamangidwe nsanja kapena ofesi ya akuluakulu. Anasiyapo paki yozungulira ya mitengo ndi udzu, n'kuika nthambi za maphunziro mozungulira pakiyo, zolumikizidwa ndi njira ya oyenda pansi, magalimoto n'kuwasiya kunja. Mzinda anaugawa m'midzi, uliwonse ndi sukulu yake, mashopu ake ndi bwalo lake, pakati pa midzi n'kusiya malo osamangapo. Magazini ya Time inaika nkhope yake pachikuto mu Seputembala 1963. Pulezidenti Lyndon Johnson anadzapatula malowo mu 1964, ophunzira oyamba analowa mu 1965, ndipo Irvine inakhala mzinda mwalamulo mu 1971. Kalembera wa mu 2020 anapezamo anthu oposa 300,000.

Hollywood inazindikira mwana wake. Opanga filimu ya Conquest of the Planet of the Apes ya 1972 ankafuna malo ooneka ngati mzinda wa m'tsogolo wolamulidwa mwankhanza, ndipo mbali ina anakaijambulira pakati pa nyumba za konkire za yunivesite ya Irvine. Sanafunikire kumanga zambiri. Mmisiri wa mafilimu anali atawamangira kale.

Zimene zinagwa ndi zimene zaima

Mu 1965 Pereira anamaliza Los Angeles County Museum of Art, nyumba zitatu zosungiramo zaluso zimene anaziika pakati pa maiwe kuti zizioneka ngati zikuyandama. Pa chithunzi zinali zokongola. Koma malowo ali pafupi ndi zitsime za phula za La Brea, ndipo phula linayamba kutulukira m'maiwemo mpaka akuluakulu anawakwirira pasanathe zaka zambiri. Mu 2020 nyumba zitatuzo zinagwetsedwa kuti pamangidwe ina ya Peter Zumthor wa ku Switzerland. Theme Building nayo inaonetsa m'kati mwake mu 2007, pamene chigamba chachikulu cha pulasitala chinathothoka pa uta wina n'kugwa. Anaikonza, koma malo odyera aja anatsekedwa mu 2013. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo omutsutsa Pereira ankanena zomwezo: kuti amamangira kamera, osati anthu.

Koma mlanduwo sunathere pamenepo. Laibulale yaikulu ya University of California ku San Diego, yotsegulidwa mu 1970 ndipo lero imatchedwa Geisel Library, ndi nyumba ya magalasi yotukuka pakati, yonyamulidwa ndi mizati ya konkire yopendekera kunja. Ikugwirabe ntchito, ndipo chithunzi chake ndicho chizindikiro cha yunivesiteyo.

Ndiye pali Transamerica Pyramid ku San Francisco, ya 1972, ya nsanjika 48 ndi mamita 260 kutalika, yotambalala pansi n'kusongoka pamwamba. Kampani imene inaimangitsa inali itagula kampani ya mafilimu ya United Artists mu 1967, ndipo inkafuna nyumba imene munthu angaizindikire pa chithunzi chaching'ono. Anthu a mumzindawo anaikana kwambiri, ena mpaka kuchita zionetsero. Yankho la Pereira linali lakuti nyumba yosongoka imalola dzuwa ndi mpweya kufika mu msewu, pamene bokosi lalitali limaphimba oyenda pansi. Chivomezi chachikulu cha Loma Prieta cha 1989 chinaigwedeza koma sichinaiwononge. Inakhala nyumba yaitali kuposa zonse mumzindawo kwa zaka zoposa 40, ndipo lero San Francisco amaizindikira ndi nyumba imeneyi. Chakumapeto kwa moyo wake Pereira anagwiranso ntchito ku Qatar, kumene analemba pulani ya dera latsopano la Doha ndi hotela ya Sheraton ya 1982. Anamwalira ku Los Angeles pa 13 Novembala 1985, ali ndi zaka 76.

Tikaika ntchito zake pamodzi, chinthu chimodzi chimaonekera. Kumene maonekedwe anali okha, nthawi inawagonjetsa. Kumene maonekedwe anayenda limodzi ndi chifukwa chenicheni, monga kuwala kwa mu msewu, kuyenda kwa katundu kapena malo okumanirana, ntchitoyo yakhala. Ndipo cholowa chake chachikulu si khoma ayi, koma dongosolo: paki ya pakati pa yunivesite ya Irvine ikadalipo ngakhale nyumba zozungulira zasintha kambirimbiri.

Ku Lilongwe ndi ku Mbenji

Pa zaka zomwezo zimene Irvine inkamangidwa, Malawi nayo inkamanga mzinda wochokera pa pepala. Bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968, ndalama zoyambira ndi akatswiri a pulani zinachokera ku South Africa, ndipo likulu linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. Maganizo anali ofanana ndi a Pereira: madera ogawidwa bwino, mitengo pakati, misewu yotakata. Vuto nalonso n'lofanana. Irvine amainena kuti ndi mzinda wa anthu a galimoto ndi a ndalama. Ku Lilongwe, mtunda wa pakati pa Old Town, City Centre ndi Capital Hill unayezedwa ndi liwiro la galimoto, m'dziko limene ambiri amayenda pansi, pa kabaza kapena pa minibasi. Anthu amene pulani sinawawerengere anadzipezera okha malo ku Mtandire, Chinsapo, Mgona ndi Kauma.

Chitsanzo china chili pa nyanja yathu. Chilumba cha Mbenji, kufupi ndi gombe la Chikombe m'dera la mfumu yaikulu Makanjira ku Salima, chilibe nyumba yosanjikiza kapena msewu wa phula. Asodzi a utaka amakakhalako m'zisakasa pa nyengo ya usodzi. Ikafika Disembala chilumba chimatsekedwa, aliyense amachoka, ndipo chimatsegulidwanso ndi mwambo mu Epulo, nsomba zitaswana. Kumeneko mowa, chamba ndi njuga n'zoletsedwa, amayi saloledwa kufikako, ndipo komiti ya asodzi yoyang'aniridwa ndi mfumu imaona mtundu wa maukonde ndi kulanga ophwanya lamulo. Dongosolo limeneli linayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo akatswiri a za usodzi a kuno ndi akunja amabwera kudzaliphunzira. Lamulo lokhudza amayi ena amalitsutsa, ndipo mkangano umenewo ndi woyenera kuumva. Koma pa nkhani ya kakonzedwe ka malo, Mbenji ikunena zomwe moyo wa Pereira unanena: zomangidwa zikhoza kukhala za nyengo imodzi, chimene chimasunga malo ndi chigamulo cha amene alowe, nthawi yolowa, ndi mbali imene isiyidwe kuti ipume. Dongosolo la Mbenji ndi lakale kuposa nyumba za miziyamu za Pereira zija, ndipo izo zinagwa ilo likadalipo.

Kwathu kuno ntchito ya mafilimu ndi ya nthaka zinakumanapo mwa a Shemu Joyah, katswiri woyeza malo amene anapanga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ya 2012 ndi The Road to Sunrise. The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019 inajambulidwa ku Wimbe m'boma la Kasungu, ndipo ngakhale kumudzi kwenikweniko panafunika munthu wokonza maonekedwe a nyumba, sukulu ndi makina a mphepo kuti nkhani ya William Kamkwamba iwoneke monga inaliri pa njala ya 2001 ndi 2002. Komabe mafilimu athu ambiri amajambulidwa pabalaza pobwereka, pamene mipando ndi makatani sizikugwirizana ndi anthu a m'nkhani. Ndipo nyumba zathu zambiri za m'matauni zimakopedwa pa zithunzi za pa intaneti, magalasi mbali zonse, m'kati mukutentha mu Okutobala, magetsi akazima ziziziritso n'kuima.

Mbali ziwirizi zili ndi zophunzitsana. Ophunzira mapulani a nyumba ku yunivesite ya MUBAS akhoza kuphunzira kwa opanga mafilimu kuona nyumba monga amaionera munthu wolowa pakhomo: chimene akumana nacho choyamba, kumene kuwala kukuchokera, pamene akhale podikira. Opanga mafilimu nawo asiye kutenga malo ojambulirapo ngati chinthu chongopezeka, aikeko ndalama ndi munthu wake. Ndipo amene akugawa mapoloti m'mphepete mwa nyanja, ku Senga Bay, ku Chipoka ndi kwina, asanalole mpanda wina wa njerwa kutseka njira ya ku dooko, ayambe alemba malo amene sadzamangidwapo, pamene asodzi aziyanika maukonde ndi pamene amayi azichapira. Pulani imene ilibe malo amenewo siinathe, ngakhale chithunzi chake chikongole bwanji.